Carl Prausnitz, Dotolo Amene Anadzibaya Jekeseni Kuti Adziwe Gwero la Ziwengo

Mlungu uno tikukambirani mbiri ya munthu amene nchito yake inatsegula njira yodziwira cifukwa cake mphumu imagwira anthu mosiyanasiyana. Dotolo Carl Prausnitz anabadwira mu mzinda wa Hamburg ku Germany m'caka ca 1876. Atate ao anali dotolo wa ku Germany komweko, pamene amai ao anali Mngelezi. Iwo eni ankabvutika ndi cimfine ca mungu wa udzu caka ndi caka.

M'caka ca 1921, akugwira nchito ku Breslau, mzinda umene lero uli m'dziko la Poland ndipo ukuchedwa Wrocław, anali ndi dotolo mnzao wacinyamata, a Heinz Küstner. Iwowa akangolawa nsomba yophika thupi linkayabwa ndi kutupa, mpweya nkumabanika, koma nsomba yaiwisi sinkawacita kanthu. A Prausnitz, amene ankadya nsomba popanda bvuto, anatenga madzi a m'magazi a mnzaoyo nadzibaya nao pa khungu la pamimba. M'mawa mwake anabaya madzi a nsomba yophika pamalo omwewo, ndipo posakhalitsa panatuluka cotupa cofiira. Apa panaonekeratu kuti m'magazi a munthu wa ziwengo muli kanthu kena kamene kangathe kusamutsidwa kupita kwa wina. Masiku ano kuyesa kotere kunalekeka, pakuti magazi a munthu wina angapatsire matenda a ciwindi kapena HIV.

Kanthuko sanakaone ndi maso ao. Kanadziwika iwo atamwalira kale, m'zaka za 1966 ndi 1967, pamene a Kimishige Ishizaka ndi akazi ao a Teruko ku Denver, ndiponso a Johansson ndi a Bennich ku Uppsala, anapeza kuti ndi mtundu wina wa asilikali a m'thupi. M'caka ca 1968 unapatsidwa dzina lakuti IgE. Asilikaliwa amakhala tcheru m'njira za mpweya, ndipo mwa anthu ena amalimbana ndi zinthu zosalakwa monga mungu, ubweya wa mphaka, mphemvu ndi tizirombo ta m'fumbi la m'nyumba. Pa nkhondo yopanda pakeyi njirazo zimatupa, kufinyika ndi kudzala makhololo, ndiye cifuwa nkumalira ngati mluzu. Mphumu yotere kawirikawiri imayamba paubwana ndipo imayenda m'mtundu.

Iliponso mphumu ina imene imayamba munthu atakula, makamaka mwa amai, ndipo poyesa pakhungu sipaoneka ciri conse. Imeneyi imadzuka ndi cimfine, utsi wa nkhuni kapena wa fodya, mphepo yozizira, mwinanso mankhwala a aspirin. Kwa zaka zambiri madotolo ankati mitundu iwiriyi siigwirizana konse, koma kafukufuku wa ku Tucson, America, wa m'caka ca 1989 anaonetsa kuti IgE ikaculuka m'magazi, mphumu nayo imapezeka kwambiri, mwa ana ndi akulu omwe. Malire ake tsono si oongoka monga ankaganizira.

Cipani ca Nazi citatenga boma m'caka ca 1933, a Prausnitz anataya udindo wao wa uprofesa nasamukira ku England. Ku Manchester anafufuza za cifuwa cimene cinkagwira anchito a m'mafakitale a thonje, amene ankabanika kwambiri pa Lolemba pobwerera ku nchito. Cimeneci cimafanana ndi mphumu, ngakhale madotolo ambiri lero akuti cocititsa cacikulu ndi ululu wa tizirombo ta m'fumbi la thonjelo.

Pambuyo pake munthu wochuka cotereyu anasankha kukhala dotolo wamba m'tauni yaing'ono ya Ventnor, pa cisumbu ca Isle of Wight, kumene anatenga dzina la kwao kwa amai ao lakuti Giles. Anaciritsa anthu kumeneko kufikira ukalamba, ndipo anamwalira m'caka ca 1963 ali ndi zaka 86.