Émile Levassor

Émile Levassor (21 Januwale 1843 – 14 Epulo 1897) anali injiniya wa ku France komanso mmodzi mwa anthu oyamba kupanga magalimoto ogulitsa. Iye ndi René Panhard ndiwo anali eni ake a kampani ya Panhard et Levassor ya mumzinda wa Paris. Amadziwika kwambiri chifukwa cha kayalidwe ka ziwalo za galimoto kamene anakhazikitsa mu 1891: injini kutsogolo, kenako kilatchi, kenako magiya, mphamvu n'kumapita ku mawilo akumbuyo. Kayalidwe kameneka kanatsatiridwa ndi makampani ambiri kwa zaka zochuluka. Anamwalira patapita miyezi ingapo atachita ngozi pa mpikisano, magalimoto ake akuwongoleredwabe ndi mkono wachitsulo, chiwongolero chozungulira chisanafalikire.

Ubwana ndi maphunziro

Levassor anabadwira ku Marolles-en-Hurepoix, kum'mwera kwa Paris. Anaphunzira za uinjiniya pa sukulu ya École Centrale ku Paris, kumene anakumana ndi René Panhard. Atamaliza sukulu anakagwira ntchito ku kampani ya Cockerill ku Seraing m'dziko la Belgium, ndipo kumeneko anadziwana ndi Édouard Sarazin. Anthu awiriwa, Panhard ndi Sarazin, ndiwo anadzatsegula njira ya ntchito yake yonse.

Mu 1872 Levassor analowa m'kampani ya Périn ndi Panhard, imene inkapanga macheka ndi makina ena opalira matabwa. Périn atamwalira mu 1886, kampaniyo inatenga dzina la Panhard et Levassor. Fakitale yake inali pa msewu wa avenue d'Ivry ku Paris.

Injini za Daimler ndi ukwati wake

Sarazin anali woimira Gottlieb Daimler wa ku Germany m'dziko la France, ndipo anafuna kuti kampani ya mnzake wakaleyo izipanga injini za petulo za Daimler. Sarazin anamwalira kumapeto kwa 1887 nkhaniyi isanathe. Mkazi wake wamasiye, Louise Sarazin, anapita yekha kukaonana ndi Daimler ndipo anasunga chilolezo chopangira injinizo ku France. Mu Meyi 1890 Louise anakwatiwa ndi Levassor. Kampani inayamba kupanga injini za masilinda awiri, zina n'kumagulitsa kwa Armand Peugeot amene ankaziika m'magalimoto ake oyamba.

Injini zimenezi zinalibe mapulagi. Petulo ankayaka akakhudza kachubu kotenthedwa ndi lawi lamoto kunja kwa silinda, choncho mphepo ikazimitsa lawilo galimoto inkaima. Zinalinso zofooka, ndipo zinkagwira bwino ntchito pokhapokha zikamazungulira pa liwiro limodzimodzi. Apa mpamene panagona vuto limene Levassor anathera nalo nthawi yambiri: momwe mphamvu yochepa chonchi ingafikire ku mawilo kuti galimoto inyamuke, ikwere mtunda, kenako ithamange pamalo osalala.

Kayalidwe ka Panhard ndi magiya

Opanga magalimoto oyamba ankatengera maonekedwe a ngolo ya akavalo. Injini ankaibisa kumbuyo kapena pansi pa mpando, ndipo ena monga Karl Benz ankatumiza mphamvu pogwiritsa ntchito malamba achikopa. Lamba ndi wosavuta kupanga koma amaterereka akanyowa ndipo amafutuka akakalamba. Galimoto yoyamba ya Levassor ya mu 1890 nayonso inali ndi injini pakati. Mu 1891 anaisamutsira kutsogolo, itaimirira m'bokosi lakelake, kumene makanika akanatha kuifikira mosavuta komanso kumene kulemera kwake kunkakanikiza mawilo owongolera.

Kumbuyo kwa injini anaika kilatchi yopondedwa ndi phazi, imene imalumikiza kapena kulekanitsa injini ndi ziwalo zotsatira. Pambuyo pa kilatchi panabwera magiya. Panali mashafuti awiri ogona moyandikana, iliyonse ili ndi timawilo ta mano ta misinkhu yosiyana. Timawilo ta pa shafuti imodzi tinkatsetsereka woyendetsa akakoka mkono wa giya, mpaka mano a kawilo kamodzi atalumana ndi a kanzake. Kawilo kakang'ono kakamazunguza kakakulu, galimoto inkayenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Misinkhu ikayandikana, liwiro linkakwera. Kuchokera pamenepo tcheni chinkapereka mphamvu ku mawilo akumbuyo, monga zimakhalira pa njinga.

Njirayi sinali yofewa ngakhale pang'ono. Kulumanitsa mano a timawilo tiwiri tozungulira pa liwiro losiyana kunkafuna khutu ndi dzanja lozolowera, ndipo wophunzira ankakukuta magiya mpaka mano kuthyoka. Pa magalimoto oyambirira magiyawo anali pamtetete, fumbi ndi matope n'kumasakanikirana ndi girisi. Anadzawatsekera m'bokosi patapita zaka zingapo. Nkhani imene imafotokozedwa kawirikawiri imati Levassor mwiniwake ankavomereza kuti makinawo ndi ankhanza, koma ankati chachikulu n'chakuti akugwira ntchito. Pamenepo sanalakwitse. Mano achitsulo saterereka mvula ikagwa, ndipo dalaivala ankatha kusankha giya yoyenera phiri lililonse. Anthu anatcha kayalidwe konseka Système Panhard, ngakhale kuti amene anakalimbikira kwambiri anali Levassor.

Mipikisano ya 1894 ndi 1895

Pa 22 Julayi 1894 nyuzipepala ya Le Petit Journal inakonza ulendo woyesa magalimoto kuchokera ku Paris kupita ku Rouen, mtunda wa makilomita 126. Galimoto ya nthunzi ya De Dion ndiyo inafika koyamba, koma mphoto yoyamba inagawidwa pakati pa Panhard et Levassor ndi Peugeot, chifukwa oweruza ankafuna galimoto yosavuta kuyendetsa, yosafuna munthu wina wosonkhezera moto.

Chimene chinatchukitsa dzina la Levassor ndi mpikisano wa Paris–Bordeaux–Paris wa pa 11 mpaka 13 Juni 1895, wa makilomita 1,178. Anayendetsa galimoto ya nambala 5, ya mipando iwiri, ali ndi makanika wake Charles d'Hostingue. Dongosolo linali lakuti akafika ku Ruffec apereke galimoto kwa dalaivala wina, koma anafikako usiku nthawi yoyembekezeredwa isanakwane ndipo munthuyo anali akadagona. Levassor anapitirira mpaka ku Bordeaux, natembenuka, nabwereranso ku Paris ali yemweyo. Ulendo wonse unatenga maola 48 ndi mphindi pafupifupi 48, kutanthauza liwiro la makilomita 24 pa ola mukaphatikiza zonse. Anali ndi zaka 52, ndipo anayenda mausiku awiri pa misewu yafumbi ndi nyali zofooka, pa matayala opanda mpweya. Galimoto yotsatira inafika patapita maola pafupifupi 6. Komabe mphoto yoyamba inapita kwa Paul Koechlin wa Peugeot, amene anafika patapita maola 11, chifukwa malamulo ankafuna galimoto ya mipando inayi.

Mpikisanowu unathetsa mkangano wina umene unalipo pa nthawiyo. Magalimoto a nthunzi ambiri anafera panjira, pamene injini yaing'ono ya petulo yokhala ndi magiya inapita n'kubwera popanda vuto lalikulu.

Mkono wowongolera

Mbali imene Levassor sanaisinthe ndi kawongoleredwe. Magalimoto ake anali ndi mkono wautali wachitsulo wofika pamaso pa dalaivala, wofanana ndi wowongolera bwato la injini. Mkonowo unkalumikizana ndi mawilo akutsogolo mwachindunji, popanda magiya ochepetsa mphamvu pakati. Pa liwiro la ngolo zimenezi zinali zokwanira, chifukwa kukankha pang'ono kunkakhotetsa galimoto. Liwiro likakwera, ubwino womwewo unkasanduka ngozi. Wilo likagunda mwala kapena kugwa m'dzenje, mphamvu yonse inkabwerera kudzanja ndipo mkonowo unkatha kupulumuka. Magalimotowo analinso aatali m'mwamba ndi aafupi pakati pa mawilo, choncho kukhota kwadzidzidzi kunkatha kuwagubuduza.

Njira ina inali itaoneka kale. Pa ulendo wa ku Rouen wa 1894, Alfred Vacheron anabwera ndi galimoto ya Panhard imene anaichotsa mkono n'kuikamo chiwongolero chozungulira. Chiwongolero chotere chimadutsa m'magiya ang'onoang'ono, kotero dalaivala amazunguza kwambiri kuti mawilo akhote pang'ono, ndipo kugunda kwa msewu kumafika m'manja kutachepa. N'zodabwitsa kuti munthu amene anakhulupirira magiya kwambiri pa nkhani yotumiza mphamvu sanafulumire kuwaika pa kawongoleredwe. Kampani inapitiriza kugulitsa magalimoto a mkono kwa zaka zina zinayi.

Ngozi ndi imfa

Mpikisano wa Paris–Marseille–Paris unachitika kuyambira pa 24 Seputembala mpaka pa 3 Okutobala 1896, mtunda wa makilomita 1,710 wogawidwa m'zigawo khumi. Pafupi ndi Lapalud, asanafike ku Avignon, galu analowa mumsewu ndipo galimoto ya Levassor inagubuduzika n'kumuponya pansi. Anavulala ndipo anasiya mpikisano, d'Hostingue n'kupitiriza ndi galimotoyo mpaka kumapeto. Amene anapambana anali Émile Mayade, wantchito wa kampani yomweyo, pa Panhard ya masilinda anayi.

Levassor anabwerera kuntchito koma thanzi lake silinabwererenso mwakale. Anamwalira mwadzidzidzi ku Paris pa 14 Epulo 1897 ali ndi zaka 54. Olemba mbiri ambiri amagwirizanitsa imfayi ndi kuvulala kwa ku Lapalud, ndipo chifukwa cha ichi ena amamuwerengera m'gulu la anthu oyamba kufa chifukwa cha mipikisano ya magalimoto.

Zosintha pambuyo pa imfa yake

Utsogoleri wa fakitale unapita kwa Arthur Krebs, amene kale anali msilikali ndi injiniya. Mu 1898 magalimoto a Panhard anayamba kutuluka ndi chiwongolero chozungulira chopendekera kwa dalaivala, ndipo Fernand Charron anapambana nacho mpikisano wa Paris–Amsterdam–Paris chaka chomwecho. Pasanapite zaka zambiri makampani ena anatsatira.

Eni magalimoto akale a mkono nawonso anayamba kuwasintha. Chitsanzo chodziwika ndi Panhard ina imene inathamanga nawo mpikisano wa ku Marseille wa 1896, yotchedwa Old Number 8, imene inagulidwa ndi Selwyn Edge ku England. Edge anapempha Montague Napier wa ku London kuti achotse mkono aikemo chiwongolero chozungulira ndi kukonzanso kaziziritsidwe ka injini. Kenako Napier anaipangira injini yakeyake, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inayambitsa magalimoto a Napier.

Magiya a Levassor nawo anakonzedwa pang'onopang'ono. Mu 1898 Louis Renault anapanga galimoto imene giya yake yomaliza inkalumikiza injini ndi mawilo mwachindunji, ndipo m'malo mwa tcheni anaika shafuti yaitali yopita kumbuyo. Vuto la kukukuta mano linatenga nthawi yaitali kwambiri: mpaka mu 1928 mpamene Cadillac inagulitsa magalimoto okhala ndi kachipangizo kofananitsa liwiro la magiya asanalumane, kopangidwa ndi Earl Thompson. Koma dongosolo la injini, kilatchi, magiya ndi mawilo akumbuyo linakhala momwe Levassor analisiyira, ndipo likupezekabe m'malole ndi m'mapikapu ambiri lero.

Chikumbutso

Mu 1907 anaimika chipilala chamwala ku Porte Maillot ku Paris, pamene panathera mpikisano wa 1895. Chinasemedwa ndi Camille Lefèvre potsatira chithunzi chimene anakonza Jules Dalou, ndipo chimaonetsa Levassor atawerama m'galimoto yake anthu akumukuwira. Panhard ya mu 1895 imene Evelyn Ellis anapita nayo ku England imasungidwa ndi Science Museum ya ku London. Magalimoto ena a kampaniyi, kuphatikizapo a mkono, amayendabe pa ulendo wa chaka ndi chaka wochokera ku London kupita ku Brighton mu Novembala, umene umalola magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 okha. Kampani ya Panhard inalowa m'manja mwa Citroën mu 1965 ndipo inasiya kupanga magalimoto a anthu wamba mu 1967.