Abraham Jacobi, dokotala amene anamenyera ana a anthu osauka

Mukapita ndi mwana wanu kusikelo, anamwino amamuyeza kulemera, amaona khadi lake la katemera, amafunsa ngati akuyamwa bwino. Mwina mumaona ngati zimenezi zinalipo kuyambira kalekale. Ayi. Kale madokotala ambiri ankatenga mwana ngati munthu wamkulu wochepa msinkhu. Ankangomuchepetsera mankhwala a akuluakulu. Lero tikuuzani za munthu mmodzi amene anathandiza kusintha zimenezi. Dzina lake ndi Abraham Jacobi.

Jacobi anabadwa pa 6 Meyi 1830 m'mudzi wa Hartum, m'chigawo cha Westphalia ku Germany. Makolo ake anali Ayuda osauka, a kagolosale kakang'ono. Ngakhale zinali choncho, iye anapita kusukulu. Anaphunzira za udokotala m'mizinda ya Greifswald, Göttingen ndi Bonn, ndipo anamaliza ku Bonn mu 1851.

Nthawi imeneyo ku Germany kunali chipwirikiti. Mu 1848 anthu ambiri anaukira mafumu, pofuna ufulu wolankhula ndi boma losankhidwa ndi anthu. Jacobi anali kumbali ya anthu amenewo. Atangomaliza maphunziro, apolisi anamugwira ku Berlin. Mu 1852 anaimbidwa mlandu mumzinda wa Cologne pamodzi ndi anzake. Pa mlandu umenewo khoti silinamupeze wolakwa, koma anamutsekerabe pa mlandu wina, wonyoza mfumu. Onse pamodzi anakhala m'ndende pafupifupi zaka 2.

Atatuluka mu 1853, anathawira ku England. Chaka chomwecho anawoloka nyanja kupita ku America, nakhazikika ku New York. Anatsegula kachipatala kake m'dera la anthu osauka obwera kuchokera kumaiko ena. Kumeneko mabanja ankapanikizana m'tizipinda topanda mpweya wabwino. Nyengo yotentha ikafika, makanda ankafa ambiri ndi matenda otsekula m'mimba.

Jacobi anafuna kudziwa chifukwa chake. Anaona kuti vuto lalikulu linali mkaka wa ng'ombe. Mkakawo unkafika kwa anthu uli wauve, wina utasasa kale. Choncho ankalangiza amayi kuti bere ndilo chakudya chabwino cha khanda. Kwa amene sakanatha kuyamwitsa, ankawauza kuti aziyamba awiritsa mkaka wa ng'ombe asanaupereke kwa mwana. Langizo limeneli linali losafuna ndalama zambiri, ndipo mayi aliyense akanatha kulitsatira.

Mu 1860 sukulu ya New York Medical College inamupatsa udindo wophunzitsa za matenda a ana. Aka kanali koyamba ku America kuti phunziroli likhale ndi mphunzitsi wakewake. Jacobi sankakhutira ndi kuphunzitsa m'kalasi mokha. Ankatenga ophunzira ake n'kupita nawo pabedi la mwana wodwala, kuti aone ndi maso, agwire ndi manja. Kuyambira 1870 mpaka 1902 anaphunzitsa ku College of Physicians and Surgeons, sukulu ya madokotala ya Columbia. Anathandizanso kutsegula chigawo cha ana okhaokha pachipatala cha Mount Sinai.

Tsopano mverani chinthu chimodzi chimene chikuonetsa mtima wake. Jacobi ankagwiranso ntchito panyumba ina yolerera makanda osowa owasamalira. Iye anawerenga ana amene ankalowa m'nyumbamo ndi amene ankafa. Anapeza kuti akufa anali ochuluka koopsa. Sanabise. Analengeza poyera, nanena kuti kuli bwino makandawo aleredwe m'mabanja kusiyana ndi kuwaunjika m'nyumba imodzi. Akuluakulu a malowo anakwiya, ndipo mu 1870 anamuchotsa. Anataya malo ake a ntchito, koma sanabweze mawu ake.

Mu 1873 anakwatira Mary Putnam, amenenso anali dokotala wodziwika ndi womenyera ufulu wa amayi. Awiriwa analemba limodzi buku la kadyetsedwe ka makanda.

Jacobi anaphunzira kwambiri za diphtheria, matenda amene amatseka kummero mpaka mwana kulephera kupuma. Mu 1880 analemba buku lonse la matendawa. Patangopita zaka 3, mu 1883, mwana wake wamwamuna Ernst anadwala matenda omwewo, namwalira ali ndi zaka 7. Taganizani: bambo amene ankawadziwa bwino matendawo sanathe kupulumutsa mwana wake, chifukwa mankhwala ake anali asanapezeke. Anapezeka m'zaka za m'ma 1890, ndipo katemera anabwera pambuyo pake. Lero katemera wa diphtheria ali m'gulu la akatemera amene khanda lanu limalandira mwaulere kusikelo.

Jacobi sanasiye ntchito. Mu 1888 anakhala mtsogoleri woyamba wa American Pediatric Society, bungwe la madokotala a ana. Ku Berlin, mzinda umene anagwidwiramo ali mnyamata, anamuitana kuti akaphunzitse, koma iye anakana. Mu 1912, ali ndi zaka 82, anakhala mtsogoleri wa American Medical Association, bungwe lalikulu la madokotala m'dzikolo. Ankakonda kuphunzitsa kuti dokotala asamangokhala m'chipatala, koma azilankhulanso ndi opanga malamulo za madzi abwino, nyumba zabwino ndi ana ogwiritsidwa ntchito m'mafakitale.

Mu 1918 nyumba yake ya ku Lake George inapsa, ndipo zolemba zake zambiri zinapsera momwemo. Anamwalira pa 10 Julayi 1919 ali ndi zaka 89. Ku America amamutcha tate wa udokotala wa ana, ndipo chipatala chachikulu cha Jacobi ku Bronx, New York, chimatchedwa ndi dzina lake.

Inu amene mukuphunzira kuwerenga, tengani khadi la kusikelo la mwana wanu kapena mdzukulu wanu. Werengani masiku a katemera. Ngati pali malo osalembedwa, pitani nalo kuchipatala mukafunse. Kufunsa za moyo wa mwana ndi ufulu wanu, ndiponso ndi udindo wanu.