Sergei Winogradsky ndi Amoniya wa M'nyanja

Tsiku lina m'kalasi ya Bayoloji tinaphunzira kuti nsomba zimatulutsa amoniya, ndiponso kuti amoniya akachuluka amapha. Ndinadabwa kuti nanga bwanji nsomba za m'nyanja zamchere sizinathe kalekale. Pofufuza yankho ndinakumana ndi dzina la Sergei Winogradsky.

Bamboyu anabadwira ku Kiev m'chaka cha 1856, m'banja lolemera. Poyamba ankaphunzira kuimba piyano ku St Petersburg, koma anasiya nalowa sayansi. Ali ku Zurich m'chaka cha 1890 anaonetsa kuti pali magulu awiri a mabakiteriya ogwira ntchito molandirana: loyamba limasandutsa amoniya kukhala nayitrayiti, lachiwiri limasandutsa nayitrayitiyo kukhala nayitreti. Chodabwitsa nchakuti tizilomboti timapeza mphamvu pa ntchito yomweyo, nkudzipangira chakudya popanda dzuwa.

Iye ankapima dothi, komatu m'nyanja zimachitikanso chimodzimodzi. Pamwamba, pofika kuwala, ndere zing'onozing'ono zimamwa amoniya msanga. Pansi mumdima tizilombo timamusandutsa nayitreti, amene madzi okwera amabwera naye pamwamba kudzadyetsa nderezo. Kuyambira 2005 zadziwika kuti m'nyanja ntchito yaikulu ya gawo loyamba imagwiridwa ndi tizilombo tina totchedwa archaea, timene iye sanatidziwe.

Chimene chimandikhudza ndi ukalamba wake. Kusintha kwa boma ku Russia mu 1917 kunamulanda minda yake, nathawira ku Belgrade. Mu 1922, atapitirira zaka 60, anayambiranso kafukufuku ku Pasteur Institute ku France. Anamwalira komweko mu 1953 ali ndi zaka 96.