Arnold Theiler, Sing'anga wa Ziweto

Aliyense woweta ng'ombe m'dziko lathu lino adziwa chigodola, nthenda ija imene itupitsa ng'ombe m'munsi mwa makutu, niitenthetsa thupi, mpaka ifa ikutuluka thovu m'mphuno. Koma owerengeka okha ndiwo adamva za munthu amene adazindikira kachilombo kake. Tsono lero tifuna kukusimbirani za moyo wake.

Arnold Theiler adabadwa pa 26 Malichi 1867 m'mudzi wa Frick, m'dziko la Switzerland. Ataphunzira za matenda a ziweto ku Bern ndi ku Zurich, adalandira setifiketi yake m'chaka cha 1889, ndipo mu 1891 adaoloka nyanja kunka ku Transvaal. Kumeneko alimi sadakhulupirire mlendo wosadziwa matenda a dzikolo, kotero kuti iye adayamba kugwira ntchito yamanja pa munda wina wa ku Irene, pafupi ndi Pretoria. Tsiku lina makina odulira udzu wa ziweto adamdula dzanja lamanzere. Wina akadabwerera kwao, koma iye adakhala, naphunzira kugwira ntchito yake ndi dzanja limodzi.

Mu 1893 kudagwa nthomba ku Johannesburg, ndipo Theiler adakonza katemera woteteza anthu. Mu 1896, pamene mliri wa rinderpest udali kupululutsa ng'ombe kuchokera kumpoto, boma la Paul Kruger lidamuika kukhala dokotala wake wa ziweto. Pamodzi ndi Herbert Watkins-Pitchford adapeza njira yotetezera ng'ombe zamoyo ndi madzi a m'magazi a zinzake zimene zidachira.

Mliriwo utangotha, padabuka wina. Cha mu 1902 ng'ombe zidayamba kufa ku Southern Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zimbabwe, ndipo nthendayo idafika ku Transvaal. Ambiri adaiyesa nthenda yakale ija yokodzetsa magazi. Ngakhale Robert Koch, katswiri wotchuka wa ku Germany, poona tizilombo take poyamba ku Dar es Salaam, adatiyesa tiana ta kachilombo ka nthenda yakaleyo. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Theiler adapenyetsetsa, naona zinthu ziwiri: ng'ombe zimene zidapulumuka kale ku nthenda yokodzetsa magazi zinali kufabe ndi yatsopanoyi, ndiponso magazi a ng'ombe yodwala, powathira m'thupi la yamoyo, sanali kuipatsa nthendayo, pamene nthenda yakale ija ipatsirana motero. Choncho mu 1904 adalengeza kuti kachilomboka nkamtundu wina. Pa nthawi yomweyo Charles Lounsbury wa ku Cape adatsimikiza kuti chokanyamula ndi nkhupakupa yofiirira yokhala m'makutu a ng'ombe. Mu 1907 akatswiri adautcha mtundu wa tizilomboti Theileria, pomlemekeza iye, ndipo ka chigodola katchedwa Theileria parva mpaka lero.

Onani phindu la kudziwa gwero la nthenda. Popeza mdani adadziwika, anthu adaleka kutaya nthawi ndi mankhwala osathandiza, nalimbana ndi nkhupakupa: kusambitsa ng'ombe m'dibi kawirikawiri, kumanga mipanda, ndi kuletsa kuyendetsa ziweto mwachisawawa. Nkhondoyo idatenga zaka ngati 50, koma pomaliza chigodola chidatha ku South Africa.

Mu 1908 boma lidammangira nyumba yofufuzira matenda ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria. Kumeneko, mu 1910, adafotokoza kachilombo kena ka m'magazi, Anaplasma marginale, ndipo chaka chotsatira adapeza mbale wake wofatsa, Anaplasma centrale, amene adasanduka katemera. Adaululanso chinsinsi cha nthenda yopuwalitsa ng'ombe yotchedwa lamsiekte: msipu ukasowa mchere wa phosphorus, ng'ombe zitafuna mafupa a nyama zakufa, ndipo m'zowolazo mukhala ululu wakupha. Mankhwala ake ngosavuta: kuzipatsa ufa wa mafupa woyera bwino. Mfumu ya ku England idampatsa ulemu wa Sir mu 1914, ndipo mu 1920 adakhala mkulu woyamba wa sukulu ya madokotala a ziweto pa malo omwewo.

Adapuma pa ntchito mu 1927, namwalira ku London pa 24 Julayi 1936. Mwana wake wamkazi, Gertrud, adakhala katswiri wa nkhupakupa za mu Afrika. Wamwamuna, Max, adalandira mphotho ya Nobel mu 1951 chifukwa cha katemera wa yellow fever.

Kwathu kuno chigodola chikalipo, ngakhale mu 2014 adayamba kukonza katemera wake ku Lilongwe. Tsono inu oweta, pamene muwiringula kuti dibi ili kutali, kumbukirani kuti adatisonyeza njirayo anali ndi dzanja limodzi.