LOUIS HAROLD GRAY, MUNTHU AMENE ANAYESA CEZA

Ananu a ku Kabwata ndi ku Woodlands mumacidziwa cipatala cacikuru ca University Teaching Hospital. Pafupi ndi cipatalaco pali cina, dzina lace Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007. Cisanamangidwe, odwala kansa ofuna kucizidwa ndi ceza anali kutumizidwa kutali, ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Kumeneko madotolo amaoca nthendayi ndi ceza cosaoneka ndi maso, ndipo muyeso wa cezaco uchedwa gray. Kodi dzinali linacokera kuti?

Louis Harold Gray anabadwira mu mzinda wa London pa 10 November 1905. Makolo ace sanali olemera, ndipo iye anali mwana mmodzi yekha. Popeza anali wakhama ndi wokonda masamu, anapatsidwa malo aulere pa sukulu yochuka ya Christ's Hospital. Atatsiriza pamenepo anapita ku Cambridge m'caka ca 1924, nadzagwira nchito m'nyumba yofufuzira ya Cavendish, imene mkuru wace anali Ernest Rutherford.

Masiku amenewo ceza cinali cinthu cacilendo ndithu. Wilhelm Röntgen anatulukira ceza ca X-ray m'caka ca 1895, ndipo Marie ndi Pierre Curie anapeza radium m'caka ca 1898. Posacedwa madotolo anaona kuti cezaco cikhoza kupha cotupa ca kansa. Koma ceza ciri ngati moto: ukacepa nsima siipsa, ukacuruka inyeka. Madotolo oyamba analibe muyeso wabwino, kotero kuti ena anali kungoyang'ana kufiira kwa khungu la wodwala. Ambiri anapsa, ndipo ena mwa ogwira nchitoyo anafa nayo.

M'caka ca 1928 akatswiri anagwirizana pa muyeso wochedwa roentgen. Koma muyesowu unali kunena za ceza ciri mu mpweya, osati m'thupi la munthu. Gray anaona kuti cofunika koposa ndico kudziwa mphamvu imene itsalira m'mnofu ceza cikapyolamo, pakuti ndiyo imene iciza kapena kuvulaza. Iye anasonyeza njira yowerengera mphamvuyo poyesa ceza m'kabowo kakang'ono ka mpweya kokhala m'kati mwa cinthu colimba. Mpaka lero njirayi ichedwa ndi maina a Bragg ndi Gray.

M'caka ca 1933 Gray anacita cinthu codabwitsa anzace. Anasiya Cambridge, kumene akadachuka msanga, napita kukagwira nchito pa cipatala ca Mount Vernon, kumene kunali odwala kansa. Anali Mkristu wa mpingo wa Methodist, wolalikira ndi wodana ndi nkhondo, ndipo anafuna kuti nzeru zace zithandize obvutika. Ndalama zinali zocepa. Komabe iye ndi mnzace John Read anamanga okha makina oturutsa ceza m'kanyumba ka matabwa, nayesa m'mene cezaco ciletsera kukula kwa mizu ya nyemba.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Gray anagwira nchito pa cipatala ca Hammersmith. M'caka ca 1953 iye ndi anzace anafotokoza kuti mbali za cotupa zosowa mpweya wa okosijeni sizifa msanga ndi ceza, ndipo n'cifukwa cace nthenda nthawi zina ibweranso. Caka comweco anabwerera ku Mount Vernon kukayambitsa nyumba yofufuzira, imene pambuyo pace inachedwa dzina lace. Anamwalira pa 9 July 1965, asanakwanitse zaka 60.

Tsono tione za miyeso. M'caka ca 1953 akatswiri anakhazikitsa muyeso wa mphamvu yotsalira m'thupi, nauchula rad. M'caka ca 1975 maiko anabvomereza muyeso watsopano, nauchula gray pokumbukira munthuyu. Gray imodzi ndiyo mphamvu ya joule imodzi yolowa m'kilogalamu imodzi ya mnofu, ndipo ilingana ndi rad 100, monga momwe kwacha imodzi ilinganira ndi ngwee 100. Cotero posandutsa gray kukhala rad ticurukitsa ndi 100, ndipo posandutsa rad kukhala gray tigawa ndi 100.

Kawirikawiri dotolo sapereka ceza conse tsiku limodzi ai. Akhoza kulamula gray 2 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kwa masabata 6. Pamenepo wodwala walandira gray 60, ndizo rad 6,000, ndipo zonsezi zilunjikitsidwa pa cotupa pokha. Koma gray 5 zokha zikagwera thupi lonse nthawi imodzi zikhoza kupha munthu. Taganizani tsono za woyendetsa makina amene angasokoneze miyeso iwiriyi. Akapereka rad 2 m'malo mwa gray 2, nthenda siidzamva kanthu, ndipo idzapitirira kukula. Akapereka gray 200 m'malo mwa rad 200, adzaononga munthu amene anadza kudzacira.

Dzina la Gray lilembedwa pa mapepala a odwala mu mzinda wathu uno. Moyo wace utiphunzitsa kuti masamu si nchito ya m'kalasi cabe. Wowerenga bwino asunga moyo wa anzace.

MAFUNSO

1. Kodi Gray anasiyiranji Cambridge m'caka ca 1933?
2. Kodi muyeso wa roentgen unaperewera pati?
3. Sandutsani gray 45 zikhale rad.
4. Sandutsani rad 3,000 zikhale gray.
5. Wodwala alandira rad 200 pa tsiku kwa masiku 25. Kodi zonse pamodzi ndi gray zingati?