DU CHISIZA JR: MLEMBI AMENE WAILESI YA KANEMA INAMUPEZA ATAPITA

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Dowa. Tsiku lina madzulo tikuonera sewero pa wailesi ya kanema, ndinafunsa amalume kuti kodi masewero a pa kanema anayamba kulemba ndani kuno ku Malawi. Iwo anaseka, nandiuza kuti mlembi amene ankamukonda koposa sanaione n'komwe wailesi ya kanema ya dziko lino. Ameneyu ndi Dunduzu Chisiza Jr, wodziwika ndi dzina loti Du. Nditabwerera kuno ku seminale ndinafufuza mbiri yake, ndipo ndati ndikugawireniko anzanga.

Du anabadwa pa 26 March 1963, koma bambo ake sanawaone. Iwo anali a Dunduzu Chisiza a ku Karonga, mmodzi wa omenyera ufulu wa dziko lino, amene anawapeza atafa m'galimoto yawo pa Thondwe, kufupi ndi Zomba, mu September 1962. Mbale wa bambo akewo, a Yatuta Chisiza, anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida kuti agwetse boma la Dr Banda. Choncho mwanayu anakula ndi dzina lolemetsa.

Luso lake linaonekera ali pa sukulu ya sekondale ya HHI ku Blantyre. Ali mwana wa sukulu ngati ife, analemba sewero lotchedwa The Deceased's Attack limene linapambana pa mpikisano wa masewero wa masukulu a m'dziko lonse. Kenaka anapita ku Philadelphia m'dziko la America kukaphunzira za zisudzo. Atabwerako mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi la anthu odyera zisudzo ngati ntchito.

Masiku amenewo boma silinkalola wailesi ya kanema. Wolemba masewero anali ndi wailesi ya MBC kapena holo basi. Ndiponso malinga ndi lamulo la mu 1968, sewero lililonse linkayamba lawerengedwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe. Du sanagwe ulesi. Ankabisa mfundo zake m'mafanizo, monga mu Papa's Empire, m'mene anthu ankaona okha kuti akunena za ulamuliro wa chipani chimodzi. Analembanso Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart ndi Democracy Boulevard. Masewero amene analemba yekha anaposa 20, ndipo ambiri anali a m'Chingerezi.

Koma munthu salephera kukhala ndi pokhota. Mu 1993, chaka cha riferendamu, Du analowa chipani cha MCP ndipo anakhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma lomwe lija ankalidzudzula. Amalume akuti zimenezi zinawapweteka mtima, ndipo mpaka lero samvetsa. Inenso sindikumuikira kumbuyo. Komabe atasiya undunawo anabwerera ku zisudzo, ndipo sanaleke kulemba.

Du anamwalira pa 24 February 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Patangopita masabata asanu, pa 1 April, Television Malawi inayamba kuulutsa mapologalamu ake. Gulu lake linatsala m'manja mwa Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake anayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do.

Mbiri imeneyi yandichititsa manyazi. Teremu yatha anzanga a m'kalabu ya zisudzo anandipempha kuti ndilembe sewero, ine n'kukana ponena kuti tilibe zovala ndi zipangizo zabwino. Du analibe kamera, analibe ufulu woyankhula, analibe ngakhale bambo womulimbikitsa, koma analemba. Ine ndili ndi kope, cholembera ndi holo yathu ija. Anzanga a kalabu, sewero lija ndaliyamba, ndipo tsamba loyamba ndibwera nalo Loweruka.