John Bunyan ndi Amai a ku Bedford

Amai okondedwa a m'Cigwirizano, kodi mudziwa kuti maceza anu a pakhomo angathe kulanditsa munthu m'manja mwa mdierekezi? Taonani moyo wa John Bunyan.

Bunyan anabadwa m'caka ca 1628 ku Elstow, pafupi ndi mzinda wa Bedford ku England. Nchito yake inali yokonza mapoto obooka. Tsiku lina ali pa nchito ku Bedford, anamva amai osauka atatu kapena anai akuothera dzuwa pakhomo, nakambirana za kubadwanso mwatsopano ndi m'mene malonjezo a Mulungu anawalimbitsira pa mayesero a Satana. Mau ao anamlasa mtima, ndipo pambuyo pake anamfikitsa kwa abusa ao, a John Gifford.

Komabe nkhondo inakula. Kwa zaka zingapo Satana anamsautsa ndi maganizo onyoza Mulungu, namnong'oneza kuti agulitse Khristu, ndiponso kuti cimo lake silingakhululukidwe. Bunyan anakakamira Baibulo, nayankha bodza lililonse ndi lonjezo la Mulungu. Mtendere unadza pamene anazindikira kuti cilungamo cake ndiye Khristu mwini, wokhala kumwamba, kumene woipayo sangafike.

M'caka ca 1660 anamangidwa cifukwa colalikira wopanda cilolezo, nakhala m'ndende zaka 12. Buku lake lochuka, The Pilgrim's Progress, linatuluka mu 1678. Anamwalira mu 1688.

Amai, pamene woipayo akunenezani, musalimbane naye ndi mphamvu zanu. Gwirani Mau a Mulungu, muuzeko alongo anu mu mpingo, mupemphere pamodzi. Werengani Aefeso 6:10-18.